Mau Okumbukira Malemu Goodall Gondwe, Wosunga Cuma ca Eni

Olankhulidwa pa msonkhano wa Mafumu ndi mamembala a Bungwe ku Chitipa

 Akuru a Bungwe anandituma kuti ndinene mau okumbukira malemu Goodall Edward Gondwe, amene anatisiya pa 8 Ogasiti 2023 ku Lilongwe ali ndi zaka 86, naikidwa kwao ku Enukweni m'boma la Mzimba.

Kapena wina afunsa mumtima mwace, kuti, Mkuru ameneyo sanali Mlambya, sanali Msukwa kapena Mndali. Nanga ife a ku Chitipa tiri nao ciani? Ndiyankha kuti ndarama iri m'thumba mwanu iribe pfuko. Kwacha imene mlimi wa khofi alandira ku Misuku, ndi imene mai agulira mcere pa msika wa pa Boma, inali m'manja mwa a Gondwe zaka khumi pamene anali Nduna ya za Cuma, ndipo zimene iwo anacita nayo, zabwino ndi zolakwika, zinafika m'nyumba zathu ngakhale sitinaonane nao maso ndi maso.

Ambiri a ife tinawadziwa atakalamba kale, imvi ziri mbuu, ndipo tinawayesa gogo. Dzina limenelo liwayenera, pakuti nchito ya gogo ndi nchito ya munthu wa ku banki ziri pafupi. Gogo apacika mbeu pa tsindwi, utsi nuziteteza ku anankafumbwe, ndipo akana kuzitsitsa ngakhale ana alira njala, cifukwa aganizira dzinja likudzalo. Munthu wa ku banki asunga ndarama zosati zace, ndipo ayenera kukana abale ace ndi akuru omwe pamene afuna kuzitenga mosayenera. Onse awiri ayesedwa ndi funso limodzi, ndilo lakuti, Cimene unasungitsidwa, unacisiya cotani kwa iwo akudza m'mbuyo mwako? Ndi muyeso umenewo ndifuna kuti tiyese moyo wa malemuwa, ndi kudziyesa nao ifenso.

Poyamba tikumbuke kumene tinacokera. Kampani ya Mandala inayamba nchito ya banki m'dziko muno m'caka ca 1894, ndipo Standard Bank inatsegula nyumba yace ku Blantyre mu 1901. Koma nyumba zimenezo zinali za Azungu a minda ndi amalonda, ndipo munthu wakuda, ngati analowamo, analowa ngati mtumiki. Kwa anthu athu Boma linatsegula posungira ndarama pa positi ofesi mu 1911. Koma kuno, kumene masiku aja kunachedwa Fort Hill, zonsezi zinali kutali. Makolo athu anapita pansi ku migodi ya golide ya ku Lupa m'Tanganyika, ena ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Ndipo pobwera, atalipira msonkho, zotsalazo anagula ng'ombe, kapena anazikwirira m'citini pansi pa mphasa, kumene ciswe ndi moto zinatha thukuta la zaka zambiri.

M'masiku amenewo, pa 1 Disembala 1936, a Gondwe anabadwa m'mudzi wa m'boma la Mzimba. Palibe akadanena kuti mwana wa m'mudzi wotere adzakhala pa mpando woweruza za ndarama za maiko. Cimene cinawatsegulira khomo ndico sukulu: anaphunzira kufikira analandira digiri ya za cuma ya University of London. Dziko litalandira ufulu mu 1964, linakhazikitsa banki yace yaikuru, ndiyo Reserve Bank of Malawi, imene inayamba nchito mu 1965. Banki imeneyi siiri ya munthu wamba kukasungako ndarama, koma iri mai wa mabanki onse: ndiyo ituritsa ndarama za dziko, isunga ndarama za kunja, ndi kuyang'anira mabanki ena kuti asaononge za eni. A Gondwe anali mwa ana a dziko lino oyamba kugwira nchito m'menemo, nakwera kufikira anakhala woyendetsa nchito wamkuru. Ndi banki yomweyo imene mu 1971 inatipatsa Kwacha ndi Tambala m'malo mwa mapaundi ndi mashereni, paundi imodzi kusinthana ndi Kwacha ziwiri.

Pambuyo pace anamuka ku Abidjan, m'dziko la Côte d'Ivoire, kukatumikira African Development Bank, imene maiko a Africa anaikhazikitsa mu 1964 kuti azikongozana ndarama za miseu, madzi, magetsi ndi ulimi. Kumeneko anakhala waciwiri kwa mtsogoleri. Mu 1979 munabuka mkangano waukuru m'bankimo, ndipo mtsogoleri wace, Kwame Fordwor wa ku Ghana, anacoka pa mpando. Pofuna munthu wogwirizira nyumbayo kuti isapasuke, anaika a Gondwe, ndipo anaisunga kufikira 1980, pamene Willa Mung'omba wa ku Zambia anasankhidwa. Inu Mafumu mudziwa kulemera kwace kwa kugwirizira mpando pamene mudzi uli pa mlandu wa ufumu; sapatsa munthu wopepuka nchito yotere.

Atacoka ku Abidjan anapita ku Washington, ku International Monetary Fund, imene tiichula mwacidule IMF. Ili ndi bungwe limene maiko athamangirako ndarama za kunja zikawathera. Likongoza, koma liika malamulo olimba a kayendetsedwe ka cuma. Kuyambira 1998 kufikira 2002 a Gondwe anali mkuru wa cigawo conse ca Africa m'bungwe limenelo. Cotero anakhala ku mbali ya okongoza, nduna za maiko zikubwera kudzapempha.

Pano ndiyenera kunena cinthu cowawa, pakuti maliro a munthu wamkuru salira ndi mabodza. M'zaka zomwezo dziko lathu linagwa m'njala. Boma linali ndi nkhokwe zace za cimanga, zazikuru ziri ku Kanengo ku Lilongwe, ndipo bungwe lozisunga linadzaza nkhokwezo ndi ndarama zokongola za ciongola-dzanja cacikuru. A IMF analangiza kuti cimanga cina cigulitsidwe kubweza ngongoleyo. Koma mu 2000 ndi 2001 cinagulitsidwa pafupifupi conse. Mvula inalakwika, ndipo poyamba pa 2002 anthu anafa ndi njala. Mlandu wace unakanganitsa anthu nthawi yaitali: ena anati IMF inalangiza moipa, a IMF nati iwo ananena za kucepetsa, osati kukokolola, ndi kuti ena a m'dziko momwemuno anapindula nako kugulitsako. Ine sindiri woweruza mlanduwo. Koma phunziro lace liri poyera: nkhokwe yodzazidwa ndi ngongole siiri yako, ndipo mbeu yotsitsidwa pa tsindwi nthawi yace isanakwane siibwerera.

M'caka comweco ca 2002 a Gondwe anabwera kwao, nakhala mlangizi wa za cuma wa Pulezidenti Bakili Muluzi. Ndipo mu 2004 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawaika Nduna ya za Cuma. Tsopano anakhala ku mbali ya okongola, atadziwa kale maganizo onse a okongoza. Anapeza Boma liri ndi mangawa ponseponse, ndi maiko otithandiza atataya cikhulupiriro. Mu 2005 cirala cinagwanso. Cimanga cokololedwa cinali matani 1.2 miliyoni okha, ndipo anthu pafupifupi 5 miliyoni anasowa cakudya. Pamenepo Boma linayamba makuponi a fetereza wotsika mtengo, matumba awiri a makilogalamu 50 kwa mlimi wosauka, ngakhale okongoza ambiri sanakondwere nazo. Nchito ya Nduna inali kupeza ndarama zace popanda kugwetsa cuma ca dziko. Mvula inathandizanso, ndipo zokolola zinakwera kufika matani 2.7 miliyoni mu 2006, ndi 3.4 miliyoni mu 2007, kotero kuti dziko limene linali kupempha linagulitsa cimanga ku Zimbabwe. Mafumu muli pano munalemba maina a anthu anu m'kaundula wa makuponiwo, ndipo mukumbuka nkhokwe za zaka zimenezo, pamodzi ndi milandu ya makuponi osowa imene munaweruza.

Koma nchito yao yaikuru koposa, imene ine ndiiyesa mphatso ya gogo kwa adzukulu, inacitika mu Ogasiti 2006. Dziko lathu linali ndi ngongole za kunja pafupifupi madola 3 biliyoni, zokongoledwa zaka makumi ambiri, ndipo caka ndi caka ndarama zoyenera kugula mankhwala ndi kulipira aphunzitsi zinaturuka kukabweza ciongola-dzanja. Panali pangano la maiko lakuti dziko losauka likaonetsa kuti lasunga bwino mabuku ace, ngongole zace zikhululukidwe. Malawi anacedwa zaka zingapo osakwanitsa. A Gondwe anamanga thumba la Boma molimba, nakana zambiri zimene anzao anafuna, kufikira World Bank ndi IMF anabvomera, ndipo mbali yaikuru ya ngongolezo, pafupifupi magawo asanu ndi anai a magawo khumi, inafafanizidwa. Mwana wobadwa ku Ifumbo kapena ku Chisenga m'caka cimeneco anabadwa katundu atatsitsidwa pamutu pace, iye osadziwa.

Anacoka pa mpandowo mu 2009, natumikira m'maunduna ena, nabwererapo mu 2014 pansi pa Pulezidenti Peter Mutharika, ali ndi zaka 77. Anapezanso nyumba itapsa: mu 2013 kunaululika kuba kwakukuru kwa ndarama za Boma ku Capital Hill, ndipo maiko amene anali kuthandiza thumba la Boma analeka. Anayenera kuyendetsa dziko ndi misonkho yathu yokha, ndi kukongola m'mabanki a m'dziko momwemuno. Kukwera kwa mitengo ya zinthu, kumene kunapitirira 20 pa 100 pa caka, kunatsika pansi pa 10 pa 100 mu 2017, ndipo Kwacha inakhazikika kwa kanthawi. Anapuma pa unduna wa za cuma mu 2019, ali ndi zaka 82.

Sindibisa kuti m'nyengo yaciwiriyi munali zodandaulitsa. Mu 2015 Boma linagulitsa Malawi Savings Bank, imene inali mdzukulu wa posungira ndarama pa positi ofesi paja, banki ya anthu wamba. Inafooka cifukwa anthu owerengeka anakongolamo ndarama zambiri osabweza, ndipo Boma linasenza ngongole zao, pafupifupi K6 biliyoni, ndiko kunena kuti zinagwera wokhoma msonkho. Aphungu ambiri ndi anthu ena anatsutsa kolimba. Nduna inati banki ikadagwa, osunga ndarama zao m'menemo akadataya zambiri. Muweruze nokha. Ndiponso ngongole za Boma za m'dziko muno zinakula m'zaka zimenezo. A Gondwe anali munthu wa cipani, ndipo ndale ziri ndi matope ace. Walira mvula walira matope. Koma ngakhale otsutsana nao anabvomera kuti mkuruyo anadziwa nchito yace, ndi kuti sanaope kunena kuti ndarama palibe pamene panalibe.

Akuru anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Pamene a Gondwe anamwalira, ngongole za dziko zinali zitabwereranso pamutu pathu, zolemera kotero kuti Boma linayamba kupempha okongoza kuti akambirane za kabwezedwe kace. Mu Meyi 2022 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023, itapita miyezi itatu cimwalirire iwo, inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Ife a m'malire sitisowa wotimasulira ziwerengero zimenezi. Mai wopita ku Tunduma kapena ku Nakonde kukagula nsaru ndi mafuta anaona ndi maso ace kuti Kwacha zomwe zija zagula theka la katundu, ndipo mlimi anaona thumba la fetereza likumthawa. Ana aja obadwa mu 2006 akula, ndipo apeza katundu watsopano akuwadikira, amene sanamkongole iwo. Gogo angathe kulipira mangawa a banja kamodzi, koma sangathe kuletsa ana ace kukongolanso iye atagona.

Sindinena kuti ndarama zocokera kunja ziri zoipa zonse. Akuru muli pano mukumbuka ulendo wa ku Karonga m'dzinja, magalimoto atatitimira m'matope, odwala nafera pa njira. Mseu wa tara wa makilomita 101 umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, pambuyo pa 2008, wasintha boma lino, ndipo adzukulu athu adzayendapo. Ndarama yosanduka mseu, mlatho kapena sukulu isiya cinthu cooneka. Koma ndarama yokongoledwa kuti idyedwe isiyira mdzukulu kalata ya ngongole yokha. Kusiyanitsa ziwiri izi ndiyo nzeru yonse ya banki, ndipo iri yofunika m'mudzi monga iri yofunika ku Lilongwe.

Cifukwa cace, Wapampando, ndipempha kuti cikumbutso cathu cisathere pa kutama wakufa, koma tipangane zinthu zinai zimene ziri m'manja mwathu.

Coyamba ciri kwa inu Mafumu. Kalata zambiri za ngongole zifuna umboni wanu. Ndikupemphani ndi ulemu wonse kuti musaike cidindo canu pa kalata yopereka munda wa banja ngati cikole, musanaitane mai wa m'nyumbamo ndi ana akuru, ndi kufunsa kuti ndaramazo zikagwira nchito yanji. Munda suli wa iye aulima lero yekha. Uli wa manda ali kumbuyo ndi wa ana ali kutsogolo. Ndipo katapira, amene abweza kawiri pa mwezi umodzi, mumuyese mdani wa mudzi, pakuti watha ng'ombe ndi malata a anthu ambiri.

Caciwiri ciri kwa amai ndi abambo a mabanki a m'khonde, amene afalikira m'midzi yathu yonse. Nchito yanu iri yomweyo ya a Gondwe, kungosiyana kukula. Buku lilembedwe pamaso pa onse, ndarama ziwerengedwe mokweza, makiyi a bokosi akhale ndi anthu osiyana, ndipo mkazi wa mfumu kapena mbale wa mlembi abweze tsiku lomwelo limene abweza wamasiye. Banki ija ya Boma inafooka cifukwa akuru anakongola osabweza; ya m'khonde idzagwa ndi nthenda yomweyo mukaleka kuyang'anira.

Cacitatu ciri kwa alimi a khofi a ku Misuku, ndi onse ogulitsa nyemba, cimanga, mawere ndi ng'ombe. Ndarama zibwera kamodzi pa caka, koma fizi ya sukulu ibwera katatu. Masiku a citini anapita. Tsopano munthu angathe kusunga ku banki, ku bungwe lace la alimi, ngakhale pa foni ya m'manja. Patulani za sukulu tsiku lomwelo mwalandira, musanafike pa msika. Ndipo popeza Kwacha isungunuka ikakhalitsa, zotsala zisanduke mbeu, ciweto kapena mitengo. Musagulitse cimanga conse kwa amalonda a kunja kwa malire m'mwezi wokolola, kuti mudzacigulenso kwa iwo omwe mu Januwale pa mtengo wowirikiza. Mlandu wa nkhokwe za ku Kanengo usacitikenso pa khomo panu.

Cacinai ciri kwa Bungwe lathu lonse. Ndarama za Boma zobwera m'boma lino, za miseu, za zipatala ndi za citukuko ca m'madera a aphungu, ziri ndarama zathu, ndipo zina mwa izo ziri zokongola zimene adzukulu athu adzabweza. Tiri ndi ufulu wa kufunsa, mwaulemu koma mosaopa, kuti zinabwera zingati, zinagwira nchito yanji, ndipo nchitoyo iri kuti. Ndipempha kuti mlembi wathu alembere Bwana Mkubwa wa boma lino ndi aphungu athu, kuti caka ndi caka atiwerengere zimenezi pa msonkhano wonga uno, Mafumu ali pomwepo. Ndiponso tipatule kanthu m'thumba la Bungwe kuthandiza ana anzeru osowa fizi, anyamata ndi atsikana omwe. Pakuti mwana wa ku Mzimba anafika ku Abidjan ndi ku Washington podzera pa khomo la sukulu, ndipo khomo lomwelo liri lotseguka kwa mwana wa ku Kameme ndi wa ku Nthalire.

Mafumu ndi abale anga, ambiri a ife tiri ndi adzukulu, ndipo ena tidzakhala nao posacedwa. Sitidzasungitsidwa cuma ca maiko monga malemu a Gondwe, koma yense wa ife wasungitsidwa kanthu: wina munda, wina bokosi la gulu, wina cidindo ca ufumu, wina thumba la mpingo. Tsiku lidzafika limene ena adzakhala pansi monga takhalira ife lero, nadzawerenga zimene tinasiya. A Gondwe anasenza zolemera zaka zoposa makumi asanu. Pena anapambana, pena anapunthwa, ndipo kamodzi anatsitsa katundu wa dziko lonse pamutu pa ana athu. Kwa abale ao ku Enukweni titumiza cipepeso ca anthu a ku Chitipa. Mzimu wao uuse mu mtendere.

Wapampando, mau anga athera pamenepa, ndipo mfundo zinai zija ndizipereka m'manja mwanu kuti msonkhano uzikambirane.